Mtengo Wopakira Magalimoto

Amuna anga, a Weston Mhone, anabwerako ku Joni ndi jekete yonyezimira ija amavala anthu olondera magalimoto, komanso ndi maganizo akuti lesitilanti yopanda malo opaka magalimoto si lesitilanti, ndi khitchini chabe. Ndiye Lachiwiri lina anaitana mmisiri, a Silas Longwe, kuti adzatchule mtengo wothira konkire pabwalo langa, ndipo mtengowo ukagwirizana ndi thumba lawo, mtengo wanga wa mango ugwe m'mawa mwake.

Bwalolo lili m'mbali mwa msewu wokwera kuchokera ku doko. Pansi pa mangowo ndi pamene pali mabenchi a makasitomala, ndipo mbali ya dzuwa ndimayanikako chinangwa cha kondowole. Ana onse ndawaphunzitsa sukulu ndi mthunzi umenewo, chifukwa kutentha kwa kuno munthu sadyera m'nyumba ya malata. Amene amadya kwa ine ndi onyamula katundu ku Ilala, amayi a usipa a mumsika ndi makondakitala. Onsewo amabwera wapansi. Tayala la galimoto limene linapondapo pabwalo limenelo ndi lija timakhalira potsuka mbale.

Ndinawauza zimenezi bambo a kunyumbawo. Anati magalimoto sabwera chifukwa alibe popaka. Ndinawasiya, ndinali ndi nsomba pamoto. Ndalama zotsala za ku Joni anali nazo fayifi miliyoni, ndipo a Morgan odula mitengo ndi makina anali atauzidwa kale kuti azidikira foni.

A Longwe ndi a ku Usisya, kumene anthu amayenda pa boti ndipo galimoto ikafika ana amaiperekeza mpaka ibwerere. Ndi mkulu wa mpingo, amamanga matchalitchi ndi mabuloko a sukulu, amapakanso penti. Munthu wabwino. Koma mukawauza kuti dikirani pang'ono, amafunsa kuti pang'onopo pathera pati. Anafika akukankha wilibala ya zida, napereka moni m'Chitonga monga anthu amachitira. A Mhone anawadula.

"Ada Longwe, lero ndi bizinesi. Tilankhule Chichewa."

A Longwe anavomera. Chichewa chawo ndi cha m'buku, chija anaphunzira kusukulu kalekale, sichinakwerepo minibasi.

"Ndikufuna malo opaka magalimoto," anatero a Mhone. "Kuyambira pamsewu mpaka pakhonde."

A Longwe anayang'ana bwalo, anayang'ana mabenchi, kenako a Mhone.

"Kupaka magalimoto. Pano."

"Pano. Ku Joni timati pakingi."

"Yewu, ndaphunzira liwu. Magalimoto angati pa sabata?"

"Pa sabata? Khumi nthawi imodzi."

"Nthawi imodzi." A Longwe anavula chipewa, nachivalanso. "Opakawo mwawapeza kale?"

"Azipaka eni ake."

"Eni ake amadziwa kupaka?"

"Nanga laisensi anaitenga bwanji?"

"Kuli laisensi ya kupaka?"

"Ada, ukalephera kupaka sakupatsa laisensi. Ndi dziko lonse limenelo."

A Longwe anatsitsa mawu, nanena kuti iwo apaka zaka zambiri opanda laisensi ndipo palibe anawafunsapo. A Mhone anati vuto la Malawi ndi limenelo. Kenako anawatonthoza kuti osadziwa kupaka aziwathandiza iwo, poti ku Joni ntchito yawo inali yomweyo, pa sitolo yaikulu ya azungu, magalimoto mahandiredi pa tsiku.

A Longwe anayang'ana manja a amuna anga. Manja osalala, zikhadabo zoyera.

"Munkagwiritsa ntchito chiyani?"

"Dzanja. Ndi likhweru."

"Likhweru limathandiza?"

"Kwambiri. Makamaka kumbuyo."

A Longwe anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene wamva chiphunzitso cha mpingo wina. Anati kumbuyo n'kovutadi chifukwa kuli magetsi ndi nambala, iwo akanati azimatapo nyuzipepala, ndi pagalasi pomwe.

"Mukamata galasi aona bwanji?"

"Mwini wake safunika kuona. Adzaona zikatha."

"Zikatha ndiye kuti wagunda khoma."

"Khoma tiliika patali."

Ine ndinali pakhonde ndikupala nsomba za batala, khutu limodzi kwa iwo. Pa benchi panali kasitomala mmodzi, a Anock, kondakitala wa minibasi ya ku Mzuzu, amene anali atasiya kutafuna kuti amve bwino.

"Nanga penti agula ndani?" anafunsa a Longwe.

"Ine. Woyera ndi wachikasu."

"Mitundu iwiri yokha? Wina akafuna wofiira?"

"Akafune kwawo. Pano woyera ndi wa aliyense. Wachikasu ndi wa mabwana ndi olumala."

"Olumala awo ndi wachikasu."

"Ndi lamulo."

"Sindinkadziwa. Zitini zingati?"

"Chimodzi chikwana."

"Magalimoto khumi, chitini chimodzi? Ada Mhone, ngakhale mutasungunula ndi madzi a m'nyanja."

"Ndi mizere chabe, inu. Galimoto iliyonse mizere iwiri, wina uku, wina uku."

"Oo, mizere yokha." Nkhope ya a Longwe inamasuka. "Ngati ya pa minibasi."

"Minibasi, pikapu, iliyonse. Bola ikhale pakati pa mizere."

"Ikhaladi pakati. Ipita kuti?"

Apa m'pamene mpeni unaima m'manja mwanga. Wina ankanena kupaka kwa madalaivala, kuja koimika galimoto, mnzake ankamva kupaka kwa penti. Liwu limodzi likanathetsa nkhani yonse, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndilinene, chifukwa zachibwana sindimazikonda ndipo mafuta anali akupsa. Koma ndisanalankhule, a Longwe anati ntchito yotere imafuna silabu yosalala ngati mbale kuti fumbi lisadzuke, ndi ngalande yotayira madzi oipa, ndiye poyambira ndi seveni miliyoni.

Seveni ndi yoposa fayifi. Ndinatseka pakamwa. Mtengo uwu ukakwera, mtengo uwo suugwa. Ndinapitiriza kupala nsomba.

A Mhone anaseka chiseko chija amaseka akamagula chinthu. Anati seveni ndi nthabwala, ku Joni anaona amisiri akuyala njerwa za simenti bwalo lonse sabata imodzi. A Longwe anati njerwa zili ndi mipata, mumipata mumakhala mchenga, mchenga ukauluka ntchito yonse yaonongeka. Ndipo poti atchula zouluka, pafunikanso makoma mbali zitatu.

"Makoma a chiyani?"

"Mphepo ya mwera. Ndi nkhungu."

Nkhungu ndi tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, tikabwera kumtunda timalowa ndi m'mphuno momwe.

"Nkhungu zikukhudzana bwanji ndi galimoto?"

"Zimamatirira. Munthu wapaka bwinobwino, wapita kukadya, pobwera apeza galimoto yamera ubweya."

"Aikuntha."

"Sizikunthika. Mpaka sandipepa."

Ku Joni kulibe nkhungu, ndiye pamenepa a Mhone analibe poimira. Anafunsa ngati zimenezi a Longwe anazionapo ndi maso. A Longwe anati anaziona pa chitseko cha tchalitchi ku Usisya, mpaka lero anthu amachisisita polowa. A Mhone anati chitseko si galimoto. A Longwe anavomera kuti si galimoto, galimoto ndi yaikulu, ndiye nkhungu zingachulukepo.

"Ndi denga," anawonjezera. "Dzuwa la kuno likawomba galimoto yongopakidwa kumene, imachita matuza."

Ndinkayembekezera kuti apa a Mhone akana. Koma denga linawagwira mtima. Anati ku Joni malo apamwamba enieni amakhala ndi denga, mabwana sakonda kupsa matako polowa m'galimoto. Anayenda pabwalo manja kumbuyo, akuyang'ana m'mwamba mmene muli nthambi zanga, ngati akuona kale malata.

"Ndi denga zikhala zingati?"

"Ndi makoma omwe, fotini."

"Fotini chiyani?"

"Miliyoni. Simenti yakwera, malata akwera, ndipo miyala ya kwale ichokera kutali."

"Ada Longwe, inu ndi mkulu wa mpingo."

"N'chifukwa chake sindinanene sikisitini."

Ndinathira nsomba m'mafuta. Sindibisa, inalira bwino.

A Mhone anasintha njira. Anati ndalamazo zibwerera msanga chifukwa magalimoto azisinthana. Munthu afika, apaka, adya, azipita, wina alowa. Ndipo kwa amene wadya pano, kupaka ndi ulere.

"Ulere," anatero a Longwe.

"Ulere. Wagula mbale ya kondowole, wapaka ulere. Bizinesi imayenda choncho."

A Anock anadzuka pa benchi. Anasiya mutu wa batala m'mbale, chinthu chimene sanachitepo chiyambire kudya kwa ine, naponya ndalama patebulo n'kutsetsereka kulowera ku depoti. Ndinaganiza kuti minibasi yawo yadzaza.

A Longwe sanawaone n'komwe. Anali akulimbana ndi nkhani ya nthawi.

"Mwati akadya azipita?"

"Azipita."

"Mbale imodzi sikwana, Ada. Galimoto ikapakidwa ikhale masiku awiri. Nthawi ya mvula atatu."

"Munthu apake pabwalo langa masiku atatu?"

"Akachoka msanga, aliyense woigwira adindapo dzanja."

"Woigwira ndani? Mlonda alipo, ndine."

"Ngakhale inu musaigwire."

"Ine zaka zonse zija sindinagwirepo galimoto ya munthu. Funsani ku Joni."

"Mwati munkagwiritsa ntchito dzanja."

"Dzanja lili m'mwamba."

A Longwe anakweza dzanja lawo m'mwamba, naliyang'ana, nalitsitsa. Anati za ku Joni n'zakuya.

Ndiye a Mhone, m'malo mokwiya, anayamba kuwerengera phindu la masiku atatu aja. Anati ngati anthu a kuno amapaka masiku atatu, ndiye kuti azigona. Akagona azilipira chipinda. Akadzuka azimwa tiyi. Anafunsa mtengo wa zipinda zinayi kuseri kwa nyumba, kumene kuli chimbudzi ndi nthochi zanga. A Longwe sadziwa kukana funso. Anapita kukayeza ndi tepi, nabwerako ndi twente-thuu miliyoni.

Amuna anga amakhala choncho. Alibe ndalama ya chitseko, koma akukangana za makatani.

"Chatsala chimodzi," anatero a Longwe, akundiyang'ana mwachisoni. "Ama asamuke."

"Asamukire kuti?"

"Kulikonse, koma kutali. Fungo lake silimvana ndi chakudya. Nsomba izimveka ngati mankhwala, anthu azidwala mutu."

"Utsi wa galimoto ndi wochepa, amazimitsa injini."

"Si utsi. Ndi kupakako."

"Kupaka kumanunkha?"

"Inu simunkamva?"

"Ine ayi."

"Mwina munazolowera."

Apa a Mhone anandiyang'ana ngati mmene anayang'anira mango aja, kuyeza kuti ndingalowe pati. Anati mwina khitchini ingapite kumene kuli makala. Mafuta anandithethekera pa mkono. Ndinatsala pang'ono kuwauza onse awiri kuti ndi mbuzi za bambo mmodzi. Koma a Longwe anati khitchini yatsopano ndi sikisi ina, zonse pamodzi twente-eyiti, ndipo ndinangopaka mchere pa mkono.

Twente-eyiti inawapweteka a Mhone. Anayamba kunenerera ngati akugula usipa. Anati fayifi. A Longwe anati fayifi ndi ya denga lokha, lopanda mizati. Anati achotse makoma. A Longwe anati ndiye nkhungu. Anati achotse denga. A Longwe anati ndiye matuza. Anati achotse zipinda, a Longwe anavomera, koma anakumbutsa kuti zipindazo sanazibweretse ndi iwo. A Mhone anati amisiri a kuno akaona munthu wochokera ku Joni amaona ng'ombe yokama. A Longwe anavula chipewa nanena mofatsa kuti iwo sanabepo ngakhale msomali, ndipo ngati Ada akufuna ntchito ya chinyengo aitane wina, iwo sangalole kuti anthu aziloza galimoto yaubweya mumsewu n'kumati silabu yake anathira ndi Longwe.

"NyaManda," anandiitana amuna anga. "Tawauzani bambowa. Ine ku Joni ndinkagwira ntchito yanji?"

"Munkapakitsa magalimoto."

"Mwamva?"

"Ndamva, Ama sanganame."

Sindinaname. Ndinabwerera ku nsomba zanga.

Zikanathera pamenepo, a Longwe akanakankha wilibala yawo kubwerera, ine n'kugona tulo. Koma amuna anga sagonja ndi pakamwa pokha. Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete yonyezimira ija. Anatapa phulusa pa mbaula yanga osapempha, nathira mizere iwiri pansi, pafupi ndi mphasa za chinangwa.

"Ndikuonetsani kuti ntchitoyi sifuna makoma. Wilibala yanuyo ndi galimoto. Inu ndinu bwana. Bwerani."

"Penti sindinatenge."

"Phulusali likwana. Bwerani cham'mbuyo."

A Longwe anagwira wilibala nayamba kubwerera chambuyo, zida zikulira. A Mhone anali kumbuyo kwawo, dzanja m'mwamba likuzungulira, likhweru lili pakamwa. Amayi awiri ochokera kumsika anaima pamsewu ndi mabeseni pamutu.

"Bwerani, bwerani. Kumanzere pang'ono. Kumanzere kwanu, Ada. Wongolani. Bwerani. Basi, imani." Anamenya wilibala ndi chikhatho. "Mwapaka."

A Longwe anatula wilibala. Anaizungulira. Inali ya dzimbiri ngati mmene inabwerera.

"Ndapaka?"

"Mwapaka bwino kwambiri, poyerekeza kuti n'koyamba."

"Ine ndangoima."

"Ndiko kupakako."

"Kuima."

"Kuima pakati pa mizere."

A Longwe anayang'ana phulusa lija nthawi yaitali. Ndinaona nkhani ikulowa m'mutu mwawo pang'onopang'ono, ngati Ilala ikukocheza.

"Ada Mhone. Inu mukunena kuimika magalimoto."

"Nanga m'mawa wonsewu ndikunena chiyani?"

"Mukunena kupaka. Kupaka ndi penti."

"Penti wa chiyani?"

"Wa pa galimoto."

Amayi a mabeseni aja anaseka mpaka wina anagwira mnzake. A Mhone anati Chichewa cha ku Usisya chinafika pa boti ndipo china chinagwera m'madzi. A Longwe anati m'buku limene iwo anaphunzira galimoto imaima, chimene chimapakidwa ndi khoma, kapena mwana akasamba. Anawonjezera kuti akanalankhula Chitonga bwenzi pano atamwa kale tiyi.

Kenako anachita chimene ndinkaopa. Munthu woona mtima ndi woopsa pakhomo. Anati ngati n'kuimika chabe, makoma ayi, denga ayi, Ama akhale pamene ali. Kunena zoona galimoto imatha kuima ngakhale pa dothi lomweli, lero lomwe, popanda kulipira kanthu.

"Pa dothi amaimika ngolo. Nenani mtengo wa konkire."

"Kusalaza, miyala, mchenga, simenti, ndi kuzula chitsa cha mangowa. Folo ndi hafu."

A Mhone anamwetulira mpaka mano a m'mbali. Kuchoka pa twente-eyiti kufika pa folo ndi hafu, anaona ngati anenerera okha. Anandiyang'ana kuti ndione mwamuna amene ndinakwatiwa naye. Kenako anatulutsa foni naimbira a Morgan, mokweza kuti amsewu amve, kuti mawa abwere ndi makina, mafuta agula iwo.

Mtengo unatsika, ndiye winawo unali utagwa kale. Sindinalire, ndilibe nthawi imeneyo. Ndinangopita kukayamba kupinda mphasa za chinangwa, ndikuganiza kuti anthu anga ndiziwadyetsera pati mwezi wa Okutobala. Mwina pansi pa magalimoto.

Ndili chiweramire ndinamva hutala. Minibasi yoyera, yokalamba, yoti mbali imodzi inakhulidwa ndi chinachake, inakhota pamsewu n'kulowa pabwalo langa. Galimoto yoyamba chimangire nyumbayi.

Amuna anga anasanduka mnyamata. Anathamangira kutsogolo kwake, dzanja m'mwamba, likhweru likulira, naikokera pakati pa mizere ya phulusa ija atakankhira wilibala kumbali. Inaima pansi penipeni pa mango.

"Mwaona, NyaManda? Konkire sitinathire n'komwe, mbiri yokha."

Anatsika a Anock, ndi dalaivala wawo a Cyrus, bambo wamimba amene sadya kwa ine chifukwa amati nsomba zanga n'zazing'ono. A Cyrus anapereka moni, naitanitsa mbale ziwiri, ndi zina ziwiri za anyamata oitanira. Kenako anamenya m'mbali mwa minibasi.

"Ada, ndamva nkhani yabwino. Ine ndikufuna wachikasu. Mizere iwiri, wina uku, wina uku. Ndikudziwa kuti wachikasu ndi wa mabwana, koma ndagula mbale zinayi."

A Mhone anatsitsa dzanja.

"Mizere ili pansipo."

"Imeneyo ndi sampulo, ndaiona. Ine ndikufuna yokulirapo, ibise pokhulikapa."

Kumsewu kunali kutaima njinga zamoto za kabaza zitatu, ndi pikapu ya nsomba imene mtundu wake weniweni palibe akuukumbukira. A Anock anali atalalikira depoti yonse kuti a Mhone a ku Joni atsegula malo opaka magalimoto, ukadya kondowole akupakira ulere. Wa pikapu anakuwa ali pawindo kufunsa ngati woyera alipo wokwanira galimoto yonse, iye adya kawiri. A Cyrus anati ngakhale zaulerezo zitakhala za tsiku lotsegulira lokha, iwo alipira, chifukwa kupititsa galimoto ku Mzuzu kukapakitsa ndi masiku osagwira ntchito, ndipo kuno kulibe wina wodziwa. Anati tauni yonse ikuyamika kuti munthu wapita kunja n'kubwerako ndi luso, osati enawa amabwerako ndi magalasi a dzuwa okha.

Anthu anali atadzaza mabenchi. Ine ndinasiya mphasa n'kuyamba kugawa mbale, chifukwa mkangano ndi wawo koma njala ndi yanga. Ndikudutsa ndinaona amuna anga ataima pakati pa bwalo ndi jekete yawo yonyezimira, maso onse ali pa iwo. Kuti anene kuti ku Joni ankangoimiritsa magalimoto a eni ndi likhweru, pamaso pa depoti yonse, kunali bwino awadule mwendo.

Anasendera kwa a Longwe, nalankhula chapansipansi. M'Chitonga tsopano.

Anafunsa ngati mizere yokha imafunadi makoma. A Longwe anati mizere yokha, tsiku lopanda nkhungu, ndi burashi yabwino, itheka, iwo angathe. Anafunsa za denga. A Longwe anayang'ana m'mwamba, nati mthunzi uwu ukuposa malata, bola isakhale nyengo yoti mango akugwa. Anafunsa za fungo. A Longwe anati chitini chimodzi panja sichingaphe munthu, koma chinangwa cha Ama chisunthire uko. Anafunsa za konkire. A Longwe anati kuwaza madzi pa dothi kuti fumbi ligone n'kokwanira, koma ngati Ada akufunabe konkire, ndiye mtengowu uchoke, mthunzi uchoke, tibwerere ku denga lija.

A Mhone anatulutsa foni. Ulendo uno sanakweze mawu, koma ine ndinali pafupi ndi jagi ya madzi osamba m'manja.

"A Morgan, za mawa zija zisiyeni. Mtengowu ndi wa kampani."

Ndinathira madzi m'manja mwa a Cyrus ngati sindinamve. Chinangwa ndinachisunthira kuseri ndekha, palibe anandithandiza, ndipo mpaka lero makasitomala ena amati nsomba zanga zimamveka penti pang'ono. Amadyabe.

Koma tsiku limenelo a Longwe mtima wawo sunawalole. Mkulu wa mpingo sangaone anthu akusocheretsedwa iye ali pomwepo. Anavula chipewa, natsokomola, naima pamaso pa a Cyrus ndi anthu onse, nabwerera ku Chichewa chawo cha m'buku.

"Abale, pakhala kusamvana pang'ono. Ada Mhone sankanena za penti. Iwo ankatanthauza kuimika magalimoto."

A Mhone anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nakonza kolala ya jekete yonyezimira.

"Kuimika wanena ndani? Ine chiyambire m'mawa ndikuti kupaka. Ada Longwe, Chichewa chikukuvutani. Tengani burashi."